Kwa woyamba ulenje, .308 ndi yokwanira

Achimwene, mwati mukufuna kuyamba kusaka nyama zikuluzikulu m'mafamu a ku Limpopo ku South Africa, ndipo mwasowa chosankha pakati pa mfuti za .308 Winchester ndi .300 Winchester Magnum. Ine ndikuti tengani .308.

Nkhani yagona pa mmene mfuti imakankhira paphewa. Magnum imamenya zedi, ndipo munthu woyamba kumene amayamba kuiopa osazindikira. Ndinaona mnzanga wina pamalo ophunzirira kuwombera: mphunzitsi anamupatsa mfuti yopanda chipolopolo osamuuza, iye pokoka anatsinzina, phewa n'kudumpha, mfuti n'kuloza pansi. Dzanja lotere limalasa ngoma m'mimba, kenaka tsiku lonse n'kumatsata magazi m'tchire nyama ikuvutika. Zimenezo ine zimandiwawa kwambiri.

Ndi chipolopolo cholemera 165 kapena 180 grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), .308 imagwetsa nswala, njiri, nyumbu ndi ngoma bwinobwino pamtunda wa mamita 200 kutsika pansi. Chofunika ndi polasa. Nyama za kuno ku Africa mtima ndi mapapo zimakhala chakutsogolo, choncho tsatani mzere wa mwendo wakutsogolo, mulase chakumunsi kwa phewa. Zipolopolo zake zimapezeka mosavuta komanso n'zotchipirapo, ndiye mudzatha kuyeserera kambirimbiri. Mukapeza .30-06 Springfield pamtengo wabwino, musaisiye, nayonso ndi yabwino.

Za njati dikirani kaye, imeneyo imafuna mfuti ya .375 H&H ndi mlenje wodziwa pambali panu. Ndipo musanagule, yambani mwapeza competency certificate (chikalata chosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti) ndi laisensi kupolisi ya ku South Africa, chifukwa mapepalawo amatenga miyezi.