Ndasiya, ndachotsedwa kapena ndapumitsidwa? Mafunso a owerenga pa mawu a kuntchito

*Aphunzitsi, kampani yathu ikuchepetsa antchito ndipo dzina langa lili pamndandanda, chikhalirecho anzanga amene adalowa pambuyo panga atsala. Ndikulemba dandaulo m'Chichewa kuti mphwanga alimasulire m'Chipwitikizi. Ndilembe kuti ndapumitsidwa, ndasiyitsidwa kapena ndachotsedwa? (Bambo wa ku Moatize)*

Bambo, "ndapumitsidwa" mulisiye kaye pambali. Kupuma pa ntchito nkwa munthu amene wakula ndipo akudikira penshoni ya ku INSS (bungwe la boma loona za penshoni za antchito), choncho mphwanuyo angalembe *reforma*, nkhani nkukhota. "Ndaimitsidwa" nalonso silikukwana, poti woimitsidwa amayembekeza kubwerera.

Loopsa kwambiri ndi "ndasiya". Ambiri timalikonda pobisa manyazi, ndipo pocheza kumsika palibe angakudzudzuleni. Koma mwini wa mneni ameneyu ndinu. Papepala likunena kuti mudachoka mwakufuna kwanu, ndipo munthu wotere sayembekeza ndalama za *indemnização* (zolipidwa kwa wantchito bwana akathetsa mgwirizano). "Ndasiyitsidwa" ndi Chichewa chabwino ndithu, vuto nlakuti womasulira wothamanga akhoza kumva "kusiya" kokha. "Ndachotsedwa" ndi lomveka, koma m'makutu mwa ambiri limanunkha mlandu, ngati mudaba dizilo kapena mumajomba. Ndiye musadalire liwu limodzi. Lembani chiganizo chathunthu chokhala ndi wochita: "Kampani yathetsa mgwirizano wanga wa ntchito ponena kuti ikuchepetsa antchito. Sindidapemphe kuchoka, ndiponso sindidaimbidwe mlandu uliwonse."

Taonani bwino "ponena kuti". Mukalemba "chifukwa ikuchepetsa antchito" ndiye kuti mwawavomerezera kale chifukwa chawocho. Lamulo la ntchito la ku Mozambique, Lei n.º 13/2023, limalola bwana kuthetsa mgwirizano malonda akalowa pansi, makina akasintha kapena kampani ikamakonzedwanso, koma ayenera kudziwitsa mwa kalata wantchitoyo, bungwe la antchito ndi unduna wa zantchito masiku osachepera 30 tsiku lothetsa mgwirizanolo lisanakwane. Asiyeni atsimikize okha.

Musalembenso "ndachepetsedwa". Chimene chimachepetsedwa ndi chiwerengero. Munthu akachepetsedwa ndiye kuti wanyozedwa.

*Ndangobwerera kumene kuchokera ku tchuthi cha uchembere ndipo m'chigawo chathu asankha ine ndekha. Kodi ichi ndi kukondera kapena tsankho? (Mayi wa ku Ulongwe)*

Mayi, mawu awiriwa amayang'ana mbali zosiyana. Kukondera kumaloza amene wapindula: kapitawo wasunga mlamu wake. Tsankho limaloza amene waponderezedwa chifukwa cha chimene ali, kaya ndi mkazi, kaya mtundu wake, chipembedzo kapena matenda. Zanuzi zikumveka tsankho, ndipo liwu limeneli nlolemera pa malamulo, pakuti mayi amatetezedwa kuti asachotsedwe popanda chifukwa chomveka ali woyembekezera ndiponso atangobereka kumene.

Koma liwu lokha silinyamula mlandu. Kulemba kuti "pakampani pano pali tsankho" nkungolira. Tchulani tsiku limene mudabwerera, tsiku limene kalata idakupezani, zaka zimene mwagwira, ndi anthu angati a ntchito yofanana ndi yanu amene atsala. Kenako funsani molunjika: "Mudatsata mfundo ziti posankha? Adasankha ndani? Zaka zimene munthu wagwira zidawerengedwa?" Ulemu uikeni mu "a bwana" ndi "ndikupempha kuti mundiyankhe mwa kalata". Koma "mundikhululukire" ndi "pepani ngati ndidalakwa" zisalowemo. Pamilandu ya kumudzi mawu amenewa amangofewetsa mitima, koma wowerenga wa mu ofesi adzafunsa kuti mukupepesa chiyani.

*Akuti ndisayine kuti ndalandira kalata. Kulandira si kuvomera komwe? (Wowerenga wa ku Zóbue)*

Ayi. Kulandira nkwa manja, kuvomera nkwa mtima. Werengani liwu limene lili pafupi ndi posayinapo: *recebi* kapena *tomei conhecimento* ndi kulandira chabe, pomwe *concordo* kapena *acordo* ndi kuvomera kuti mwasiyana mogwirizana. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani, pemphani kuti mupite nayo kalatayo wina akakuwerengereni. Posayina onjezani tsiku ndi mawu akuti "ndalandira, koma sindikuvomereza", ndipo mutenge kope lanu. Samalaninso ndi ndalama: kuzilandira nkukhala chete kumatengedwa ngati mwavomereza kuchotsedwako, pokhapokha mutatsutsa.

Ndalamazo musazitche "chipepeso" kapena "thandizo", chifukwa mawu awa amapereka chithunzi chakuti bwana wachita chifundo. "Chipukuta misozi" ndi liwu lodziwika, koma m'kalata ine ndingalembe "ndalama zimene lamulo limandipatsa". Kwa olandira malipiro otsika, zimawerengedwa malipiro a masiku 30 pa chaka chilichonse chimene munthu wagwira.

*Tinene kuti tikukadandaula, tikukasuma kapena tikuchita apilo? (Antchito a ku Furancungo)*

Zimatengera khomo limene mukugogoda. Kwa a *comité sindical* (komiti ya bungwe la antchito pakampani) ndi ku Inspecção do Trabalho (ofesi ya boma yoyendera malo a ntchito) mumadandaula. Ku CEMAL mumzinda wa Tete, kumene amayanjanitsa mabwana ndi antchito, mumakakambirana pamaso pa mkhalapakati (osati nkhoswa, ameneyo ngwa maukwati). Kusuma nkwa kukhoti, ndipo amene alibe ndalama za loya angapemphe thandizo ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu. Apilo imabwera pokhapokha khoti litagamula kale, ndiye liwuli mulisunge kaye. Masiku osumira ali ndi malire, choncho pa ulendo woyamba womwewo funsani tsiku lomaliza ndipo akulembereni.