Kugula mavoti ayi, kugula makutu inde

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wolemera angathe kugula chisankho ku America. Mavoti sangagule, koma makutu a ovota amawagula ndithu.

Lamulo limaika malire pa ndalama zimene munthu angapereke mwachindunji kwa wopikisana: mu 2024 zinali madola 3,300 pa chisankho chilichonse. Koma mu 2010, pa mlandu wa Citizens United, Khoti Lalikulu lidagamula kuti makampani ndi mabungwe a ogwira ntchito akhoza kumwaza ndalama mmene angafunire, bola asamapangane ndi wopikisanayo. Ma Super PAC, magulu otolera ndalama zopanda malire zothandizira wopikisana, adabadwira pamenepo. Elon Musk yekha adathira madola oposa 200 miliyoni mu Super PAC yake yotchedwa America PAC pothandiza Donald Trump mu 2024. Zoti sankapangana, mukhulupirire nokha.

Ndalamazi sizifika paliponse. Zimakathera m'zigawo zochepa zolimbirana ngati Pennsylvania, komwe munthu akamaonera mpira pa TV, nthawi yopuma yonse amangoona mauthenga onyozana mpaka kutopa nawo. Wa ku California samuvutikira, zake n'zodziwika kale.

Komabe Kamala Harris, yemwe ankapikisana ndi Trump, adasonkhanitsa madola oposa biliyoni imodzi, kuposa Trump, n'kugwabe. Hillary Clinton mu 2016 zidamuchitikiranso chimodzimodzi.