Chifuwa chosatha ndi mbewu yosayenda: pali ubale?

Owerenga ena atitumizira imelo yofunsa kuti: "Achimwene anga amatsokomola makhololo chibadwire, mphuno ndi zotsekeka nthawi zonse, ndiye kuchipatala awauza kuti mbewu yawo siyenda. Kodi mavuto awiriwa gwero lake lingakhale limodzi?"

Inde, n'zotheka. Njira ya mpweya, kuyambira m'mphuno mpaka m'mapapo, ili ndi tiubweya tosaoneka ndi maso totchedwa cilia, pafupifupi 200 pa selo limodzi. Timapalasa koposa ka 10 pa sekondi, tonse molunjika kukhosi, n'kumakankha makhololo okola fumbi ndi tizilombo. Mbewu ya abambo ili ndi mchira umodzi, flagellum, wautali pafupifupi mamilimita 0.05.

Kunja kaubweya ndi mchirawu n'zosiyana, koma m'kati kapangidwe n'kamodzi: timachubu tiwiritiwiri tokwana 9 mozungulira, ndi tina 2 pakati. Timachubu ta m'mbali tili ndi timanja ta puloteni yotchedwa dynein. Timanjati timagwira kachubu koyandikana nako, kukoka ndi mphamvu ya ATP (yomwe ili ngati mafuta oyendetsera selo), kusiya, kugwiranso. Popeza timachubu n'tomangirirana, sititsetsereka patali, m'malo mwake kaubweya konse kamapindika. Timanjati tikasowa, makhololo amadikha m'mapapo, mchira wa mbewu nawo suvinika.

Dokotala Manes Kartagener anafotokoza za matendawa mu 1933, koma amene anaona kuti timanja ta dynein tikusowa m'michira ya mbewu ya odwala ndi Björn Afzelius wa ku Sweden, mu 1975. Lero amawatcha primary ciliary dyskinesia. Ndi achibadwa, ndipo kawirikawiri mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Pafupifupi theka la odwala mtima wawo uli kudzanja lamanja, chifukwa tiubweya ta mwana wongoyamba kupangika m'mimba ndi timene timasankha mbali yokhala ziwalo.

Musathamangire kunena kuti ndi amenewa, chifukwa ndi osowa. Achimwene anu ayambe ayezetsa makhololo ngati muli TB, ajambulitse chifuwa, ndipo ngati amasuta asiye, poti utsi wa fodya umafoola tiubweya tomweti. Achimwenewo awauze adokotala zonse pamodzi, chifuwa, mphuno, makutu ndi mbewu, osati chimodzichimodzi. Mankhwala ochiziratu kulibe, koma kutulutsa makhololo tsiku lililonse ndi kulandira maantibayotiki msanga kumateteza mapapo. Mbewu yosayenda nthawi zambiri imakhala yamoyo, ndipo akatswiri amatha kuibayira m'dzira mwa njira ya ICSI.