Mafunso a Owerenga: Kodi ku Olympos cholowa chimatsata kuchikazi?

FUNSO: Akonzi, mphwanga amene amagwira ntchito m'sitima zapanyanja anandiuza kuti ku Greece kuli mudzi wa m'phiri wotchedwa Olympos kumene cholowa chimapita kwa mwana wamkazi. Kodi Agiriki amenewa ali ndi mwambo ngati wathu wa Achewa, woti nthaka imatsata kuchikazi? Nanga mudziwo uli pa phiri la milungu lija timalimva m'nthano zawo? Wowerenga, Dedza.

YANKHO: Zikomo, owerenga athu a ku Dedza. Tiyambe ndi funso lanu lachiwiri poti ndi losavuta. Phiri la Olympus, limene Agiriki akale ankati ndi kwawo kwa milungu, lili kumtunda, chakumpoto kwa dzikolo. Mudzi umene akunena mphwanuyo uli kutali ndi kumeneko, kumpoto kwa chilumba cha Karpathos, chimene chili pakati pa zilumba za Crete ndi Rhodes. Nyumba zake n'zothithikana pamsana pa chitunda, m'munsi mwa phiri la Profitis Ilias. Makolo a anthuwa anakwera kumeneko zaka zoposa 1,000 zapitazo pothawa achifwamba a panyanja amene ankasakaza midzi ya m'mphepete mwa nyanja monga Vroukounda. Popeza kunali kovuta kufikako, Chigiriki chawo chinasunga mawu akale amene Agiriki a ku Athens anawasiya kalekale, ndipo magetsi anafika m'mudzimo mu 1980.

Pa za cholowa, mphwanu sananame, kungoti sanakuuzeni zonse. Kwathu kuno nthaka imatsata kuchikazi, ana aakazi onse amayembekezera kugawiridwa pomalima, mwamuna amabwera ngati mkamwini, ndipo mwini mbumba ndi malume. Ku Olympos sizinali choncho. Kumeneko chuma chinkayenda m'mizere iwiri yosasakanikirana. Zonse zimene mayi anabwera nazo m'banja, minda, nyumba, zovala ndi ndalama zagolide, zinkapita kwa mwana wamkazi wachisamba yekha, amene amamutcha kanakara. Za bambo zinkapita kwa mwana wamwamuna woyamba, kanakaris. Ngakhale maina ankatsata njira yomweyo, chifukwa kanakara ankatenga dzina la agogo ake aakazi obala mayi, pamene kanakaris ankatenga la agogo ake aamuna obala bambo, ndipo anthu ankaona ngati dzinalo ndi limene likunyamula chumacho. Mabanja opeza bwino ankayesetsa kuti kanakara akwatiwe ndi kanakaris wa banja lina, koma ngakhale pamenepo katundu wa awiriwo sankasanduka wa pamodzi. Ana akakula, chilichonse chinkabwerera mumzere wake.

Chinachititsa zimenezi ndi kuchepa kwa nthaka. Kumpoto kwa Karpathos ndi kwamiyala ndi kwamphepo, ndipo malo olimika bwino ndi ochepa, makamaka chidikha cha Avlona kumene ankadzala tirigu ndi balere. Munda umodzi ukanagawidwa kwa ana asanu, kenaka n'kugawidwanso kwa zidzukulu, sipakanatsala poti munthu n'kudyapo. Choncho anasankha kuti munda ukhale wathunthu m'manja mwa mmodzi.

Amene analipira mtengo wa nzeru imeneyi ndi ana otsatira, ndipo apa ndi pamene ife timaona kuti mwambowu unali wouma mtima. Atsikana ang'onoang'ono ambiri sankakwatiwa poti analibe chobwera nacho m'banja, motero ankakalamba akugwira ntchito m'munda ndi pakhomo pa mkulu wawo, kuweta mbuzi, kusenza nkhuni ndi kulera ana amene sanali awo. Anyamata opanda cholowa ankachoka kukafuna ntchito, ambiri monga amisiri omanga ndi miyala. Choncho amene amati ku Olympos "akazi ndiwo amalamulira" amaiwala kuti ulemuwo unali wa mkazi mmodzi pa banja.

Chodabwitsa n'chakuti ochotsedwawo ndi amene anadzasintha mudzi. Chilumbachi chinali m'manja mwa Italy kuyambira 1912, chitachoka mu ulamuliro wa Aturuki, ndipo chinalowa m'dziko la Greece mu 1948, pamene malamulo opatsa ana onse gawo la cholowa anayamba kugwira ntchito kumeneko. Koma chimene chinafooketsa mwambowu kwambiri ndi ndalama za amene anapita ku Rhodes, ku doko la Piraeus pafupi ndi Athens ndi ku America, makamaka mumzinda wa Baltimore. Mwana wachitatu wobwera ndi madola ankatha kumanga nyumba yoposa ya mkulu wake, ndipo munda wa balere unasiya kukhala muyeso wa ulemerero.

Lero anthu okhala m'mudzimo chaka chonse ndi ochepa, ndipo ambiri ndi achikulire. Amayi ena amavalabe chovala cha makolo chotchedwa kavai, mpango kumutu ndi nsapato zazitali zachikopa, ndipo amaphikabe buledi m'mauvuni a nkhuni a panja. Zigayo zoyendera mphepo zili ndandanda pachitunda, ngakhale zambiri zinasiya kugaya. Chilimwe alendo amabwera kudzera padoko la Diafani kapena pamsewu umene unaikidwa phula m'zaka zaposachedwapa, n'kudya makarounes, chakudya cha ufa wa tirigu chopotedwa ndi manja, chothira anyezi wokazinga ndi tchizi.

Mwezi wa August ndi umene mudzi umadzaza, poti a ku Baltimore ndi a ku Rhodes amabwerera kwawo. Pa 15 August, tsiku la chikondwerero cha Amayi Maria mu mpingo wa Orthodox, amuna amakhala pabwalo la tchalitchi ndi zoimbira zawo, lyra, laouto ndi tsambouna, n'kumapikisana kupeka timavesi totchedwa mantinades, totchula amene anamwalira ndi amene ali kutali. Atsikana amatuluka atavala mikanda ya ndalama zagolide pachifuwa, imene kale inali chizindikiro cha kanakara, koma tsopano amavalanso ana a amene anachoka m'mudzimo chimanjamanja.