Garratt ndi yabwino, koma asakunamizeni pa nkhani ya pivot

Achimwene, mwafunsa za injini ya sitima yoyendera nthunzi yoti mugule. Pa njanji yotalikirana mamilimita 610 yokhotakhota ngati yanuyo, injini ya mtundu wa Garratt imaiposa ya mtundu wa Mallet, pamenepo palibe zokangana. Koma amene akulemba muno kuti Garratt ilibe vuto sanagonepo pansi pake ndi sipanala m'manja. Nkhani imeneyi imandiwawa kwambiri, ndiye mundipirire.

Ubwino wake wonse uli pa boila. Herbert Garratt analembetsa nzeru yakeyi mu 1907, a Beyer, Peacock aku Manchester n'kupanga Garratt yoyamba, K1, mu 1909 yopita ku Tasmania, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe: boila imalendewera pakati pa ma injini awiri ngati munthu wa m'machila, thanki ya madzi kutsogolo, malasha kumbuyo. Pansi pa ng'anjo palibe gudumu, choncho ng'anjo imakhala yotakata ndi yakuya, phulusa limagwa bwino, mpweya umalowa wokwanira. Pokhota, boila imatsamira mkati mwa kona. Mallet ayi. Injini yake yakumbuyo ndi yomangiriridwa ku boila, yakutsogolo yokha ndiyo imakhota, ndiye mphuno ya boila imatulukira kunja kwa kona, liwiro n'kuchepa. Mtundu wina, Fairlie ya pa njanji ya Ffestiniog ku Wales, monga Merddin Emrys ya 1879, imakhota bwino ndithu, koma malo a malasha ndi madzi ndi ochepa, dalaivala mbali ino ya boila, wosonkhezera moto mbali inayo, mothinana.

Tsono tengani Garratt yotchedwa NGG16 ya ku South Africa, yomwe inapangidwa kuyambira 1937 mpaka 1968. Masilinda anayi, nthunzi ya 180 psi. Nthunzi yonseyo imadutsa m'mapaipi oyenera kukhota limodzi ndi ma injini, kudzera mu ball joint, cholumikizira mapaipi chonga mpira, yomwe imakhala pafupi ndi pivot, pamene chimango cha boila chimakhala ndi kuzungulira pa injini iliyonse. Pivot ikadyeka, chimango cha boila chimayamba kusewera kutsogolo ndi kumbuyo. Dalaivala akatsegula regulator, chotsegulira nthunzi, mumamva kuti gu! pansi pa mapazi, akatseka, gu! kachiwiri. Kugunda konseko kumathera mu joint ija, ndipo posakhalitsa imayamba kuchucha.

Tsiku loipa limabwera motere. Ndi m'mawa, kwazizira, njanji yanyowa ndi mame, mukukwera chitunda chokwera mita imodzi pa mamita 40 aliwonse ngati cha pa njanji ya Welsh Highland ku Wales, ngolo zadzaza. Madzi m'thanki atsika, ndipo kumbukirani kuti madzi omwewo ndi amene amapanikiza magudumu pa njanji. Injini yakutsogolo yapepuka, yayamba kupalasa pamodzimodzi. Regulator ndi imodzi ya ma injini onse awiri, ndiye yopalasayo ikumeza nthunzi yonse, yakumbuyo ikufooka. Chumuni chikubangula, moto ukung'ambika, makala amoto akuulukira m'tchire. Nthawi yomweyo joint yochucha ija yatulutsa mtambo woyera kutsogolo kwa boila, dalaivala sakuona njanji, sakudziwanso kuti ikupalasa ndi iti. Akoka chotsegulira mchenga, sukutuluka, wanyowa ndi nthunzi yomweyo wagwirana m'kamwa mwa paipi. Atseka regulator, sitima yaima pakati pa kona, pa chitunda, madzi m'galasi la boila akuvina. Kuidzutsa pamenepo ndi ntchito yothetsa nzeru. Nthawi zina mumachita kudula ngolo, kukwera ndi theka, kubwerera zotsalazo.

Ndiye chondikwiyitsa n'chakuti mlandu amaupereka kwa dalaivala. Olakwa ndi amisiri aulesi aja amene akaona nthunzi ikuchucha amangothira packing ina yotsekera pochucha, kumanga manati mpaka sipanala kupindika, kupaka penti pamwamba, ati yatheka. Yatheka chiyani? Joint yomangidwa mopyola muyezo siyenda, ndiye pa kona mphamvu yonse imapita pa flange, mkombero womangira paipi, mpaka kuing'amba. Ndi mabwana amene amakana kulipira kireni yonyamulira boila ati ndi zodula, koma ndalama ya penti ndi mkuwa wonyezimira pa chumuni ilipo. Amenewo ndiwo amapha ma injini abwinobwino, kenako n'kumafalitsa kuti Garratt ndi yovuta.

Njira yake ndi imodzi. Nyamulani chimango cha boila ndi kireni kapena majeki, mukankhe ma injini onse awiri atuluke. Yezani pivot iliyonse, ma liner odyeka, zitsulo zoyalidwa mkati mwake, musinthe, osangoikamo tizitsulo. Onani zogwiriziza zam'mbali ngati zikukhudza mofanana uku ndi uku, chifukwa zikapendekeka kulemera kumapita mbali imodzi ndipo gudumu lopepukalo lingakwere njanji. Tsegulani tinjira ta girisi, tambiri mumatipeza titatsekeka ndi dothi ndi phulusa. Mukatha zimenezo ndiye mugwire ball joint: muipere mpaka mpira ndi mpando wake zigwirane bwino, manati mumange pang'ono pang'ono, joint izitha kuyenda. Musaiwale paipi yotulutsa nthunzi ya injini yakumbuyo, ndi yaitali, imatanuka ikatentha, polumikizira pake potsetsereka pasagwire dzimbiri. Zitsulo za rivesi muziyeze kuti ma injini onse azidula nthunzi pofanana, apo ayi imodzi imagwira ntchito ya inzake. Pomaliza muiyese ndi nthunzi pa kona yothina kuposa zonse, chamtsogolo ndi chambuyo. Mchenga wowuma, wosefa, mabokosi otseka bwino. Amene anaonapo ma Garratt a 15th class ku Bulawayo, a njanji ya mamilimita 1,067, akudziwa kuti ntchito yake ndi yomweyi, kusiyana kukula kokha.

Komabe ndikuuzeni zoona, ngati mulibe dzenje logwirira ntchito pansi ndiponso kireni simungaipeze, Garratt isiyeni. Funani injini ya chimango chimodzi ngati NG15, yomwe a Henschel aku Germany anayamba kupanga mu 1931. Mallet yomwe ndainyoza ija ilinso ndi pake: nthunzi yamphamvu imathera ku masilinda akumbuyo osakhota, yodutsa mu joint ndi yofooka kale, n'chifukwa chake za ku Harz ku Germany za 1897 zakhalitsa chonchi. Tiuzeni kona yanu yothina kwambiri ndi ya mamita angati, ndiponso njanji yanu imalemera makilogalamu angati pa mita, musanagule chilichonse.