Chiwindi Chikatopa, Mutu Umasokonekera

Achemwali, botolo la "zotsuka chiwindi" mwagula kudepotilo asamwenso. Bambo akunyumbawo sikani inaonetsa mafuta m'chiwindi, ndiye pano akugona masana, usiku ali maso, akuiwala ndi mayina a ana omwe? Apite kuchipatala lero, musadikire Lolemba.

Zoti ali ndi mafuta m'chiwindi pomwe samwa mowa musadabwe nazo. Shuga amachita zomwezo. Botolo la Coca-Cola la 500ml lili ndi shuga wopitirira magalamu 50, masipuni a tiyi pafupifupi 13, pomwe a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati pa tsiku lonse munthu wamkulu asadutse masipuni 12, bwinonso 6. Onjezani tiyi wa masipuni anayi m'mawa, mandasi, Sobo, tchipisi cha pachiwaya masana. Shuga wotsalayo chiwindi chimamusandutsa mafuta n'kusunga. Mafuta akapitirira 5 peresenti ya kulemera kwake, vuto layamba. Kenako kwa ena chimatupa, chimachita zipsera, n'kuuma, komwe madokotala amati cirrhosis. Zaka zonsezo nthawi zambiri sichipweteka, ndiye kuipa kwake.

Pofika kumutu ndi pamene mabanja amasochera. M'matumbo mumapangika poizoni wotchedwa ammonia, ndipo ntchito ya chiwindi ndi kumusandutsa urea kuti atuluke ndi mkodzo. Chikauma, ammonia amayenda ndi magazi mpaka ku ubongo. Munthu amayamba kupsa mtima pa zazing'ono, malaya kuvala chotembenuza, kukodza pakona ya chipinda poyesa ndi chimbudzi. Muwauze atambasule manja ngati akuimitsa minibasi, muone ngati zikhatho zikugwedera ngati mapiko a nkhuku. Akafika pomangogona osadzutsika, abale amati amulodza, masiku atatu n'kuthera kwa sing'anga, pomwe mwina chayambitsa ndi kudzimbidwa chabe, kapena magazi akutuluka m'mimba (chimbudzi chakuda bii ngati phula). Kuchipatala amapereka mankhwala a lactulose kuti azichita chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo ambiri nzeru zimabwerera.

Ogulitsa mabotolo aja amandikwiyitsa zedi. Palibe cholembedwa, muyezo ndi "kapu m'mawa, kapu madzulo", botolo lomwelo akuti lichiza shuga, BP ndi kusabereka. Chilichonse chomwe munthu wamwa chimadutsa m'chiwindi chodwalacho! Enanso ndi aja osinja mtedza wotsalira, wofota ndi wachuku, n'kumagulitsa ngati nsinjiro. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene safa ngakhale muwiritse bwanji, ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B. Gulani mtedza wosasinja, musankhe nokha, mukasinje nokha.

Kuchipatala pemphani ayeze magazi a chiwindi (ALT, AST), hepatitis B, shuga, ajambulenso sikani. Mafuta okha m'chiwindi safikitsa munthu pomasokonezeka chonchi, ndiye afufuze bwino, chifukwa shuga akatsika kapena kukwera kwambiri amasokonezanso mutu. Akakutumizani ku Kamuzu Central musazengereze. Panado asamamwe chisawawa, wodwala chiwindi nthawi zambiri amauzidwa osadutsa magalamu 2 pa tsiku, mapilisi anayi a 500mg.

Tsono ngakhale ndati ammonia amachokera m'matumbo, makamaka ku zakudya zomanga thupi, musawamane nyemba, mazira, usipa kapena nkhuku. Akasowa zimenezi minofu imasungunuka, ndipo minofuyo imathandizanso kuchotsa ammonia. Adye pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndi kena kake asanagone. Nsimanso musawaletse, ingokhala ya mgaiwa, mitanda iwiri osati isanu, masamba azikhala theka la mbale. Zikapezeka kuti ndi mafuta chabe, kutsitsa thupi ndi 7 mpaka 10 peresenti kumathandiza, wa makilo 90 achotse 6 mpaka 9 m'miyezi ingapo, ndi kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Koma ngati mimba kapena miyendo yatupa, zochepetsa thupi ziiwaleni kaye, muchepetse mchere ndi timakyubu ta mu ndiwo tija.