Manambala a pa paketi ya majigizi

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chawama. Akuti mwana wawo wa giredi 3 amagula majigizi ndi firiziti pa kantemba ka pafupi ndi sukulu. Pofika kunyumba lilime lili psuu, zala zachikasu, nsima osaikhudza. Atatembenuza paketi anaona E102, E621 ndi E211, ndipo mnansi anawauza kuti chilichonse choyamba ndi E ndi poizoni. Akufunsa ngati nzoona.

Amayi, mtima m'malo. Chilembo E chimangosonyeza kuti chothiracho chili m'kaundula wa ku Ulaya wa zinthu zololedwa m'zakudya. E300 ndi vitamini C, yemweyo wa m'malambe ndi m'magwafa. E330 ndi asidi wa m'mandimu. E621 ndi MSG wokometsa supu, ndipo chimene chimakoma mwa iye chilimonso m'tomato wakupsa. E211 amaletsa chakumwa kusasa. Zothira zina zatithandiza ndithu. Kuyambira 1998 shuga wa kuno ku Zambia amathiridwa vitamini A, ndipo mchere wa m'paketi uli ndi ayodini, amene wachepetsa chithokomiro chimene agogo athu kum'mawa ankayenda nacho pakhosi.

Komabe nkhawa yanu ili ndi pogwira. E102 ndi E110 ndi utoto chabe, m'thupi sumanga kanthu. Mu 2007 ofufuza a ku Southampton ku England anapeza kuti ana ena akamwa zakumwa zokhala ndi utoto wotere amatakataka mopitirira, ndipo m'maiko a European Union zakudya zimenezi zimalembedwa chenjezo. Winanso ndi E250, woletsa nyama kuonongeka, wa mu poloni ndi masoseji. Mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, inaika nyama zokonzedwa motere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Kulawa pa Khirisimasi si mlandu, koma kwanga poloni salowa m'chikwama cha sukulu tsiku ndi tsiku.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi nsima yosakhudzidwayo. Mwana wakhuta, koma wakhuta chiyani? Pa paketi zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kutsikira ku chochepa, choncho werengani zitatu zoyambirira. Pa majigizi mupeza ufa wa chimanga, mafuta ndi mchere kapena zokometsera, pa firiziti madzi ndi shuga. A WHO amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi, ndipo shuga asapitirire magalamu ngati 50. Botolo limodzi la 500 ml la zoziziritsa kukhosi limatha kumaliza mulingo wonse wa shugawo, ndiye wa mwana ndi wocheperapo.

Tiyang'anenso kukhitchini kwathu. Soda amene timathira m'therere ndi m'chibwabwa kuti zifewe msanga amaononga vitamini C ndi B1. Ndikudziwa, therere lopanda soda ena salimva kukoma, ndiye chepetsani, kungotsina pang'ono, ndipo masamba asakhalitse pamoto. Choopsa kuposa manambala onse aja sichilembedwa paliponse: chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosungidwa pachinyontho. Chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikumupha. Mukukumbukira mu 2024 boma litalengeza kuti lamupeza mu ufa wina, agalu ambiri atafa.

Ine ndikagula mtedza ku Soweto Market sindithamangira kusinja. Ndimauthira pa lichero, kukhala pakhomo powala, ndi kutola umodziumodzi wofota, wakuda ndi woboola. Nthawi zina dzanja limadzadza, mtima n'kuwawa poganiza ndalama, koma ndimataya, ngakhale nkhuku sindizipatsa. Wotsalawo ndi umene umalowa m'ndiwo zotendera.

Mwanayo musamulande zonse tsiku limodzi, angakagule mobisa. Mugwirizane kuti majigizi ndi a Lachisanu. Masiku enawo mum'longedzere mbatata yofiira mkati, dzira lowiritsa, nthochi kapena mtedza wokazinga, ndi madzi m'botolo. Madzulo kapenta wa ku Siavonga adye ndi mitu yomwe, chifukwa timinga take ndi timene tili ndi kashiamu wolimbitsa mafupa. Pakatha milungu iwiri mundilemberenso, ndimve ngati mbale ya nsima yayamba kubwerera yopanda kanthu.